Ndanenepetsa abwana, adokotala akwiya

Moni nonse. Lero ndachita manyazi kuchipatala kuno ku Dubai.

Paja abwana anga a ku Al Warqa anawaika mtima wina chaka chatha. Anatuluka m'chipatala ataonda ngati bango, koma madamu ankangowapatsa masamba owiritsa. Ine zinkandimvetsa chisoni. Kwathu wodwala akachira timamuonera m'masaya, ndiye madamu akangochoka ndinkawakazingira mandasi ndi nkhuku.

Lero tinawaperekeza kokayezedwa. Atakwera pasikelo, nesi anatchula makilo, ine n'kuwomba m'manja, "Mashallah!" Ndinawomba ndekha chipinda chonse.

Adokotala anavula magalasi. Akuti kunenepa koteroko kumalemetsa mtima watsopanowo, kumabweretsa shuga ndi BP, ndipo kungawafupikitsire moyo. Kenako anafunsa kuti, "Amaphika ndani?"

Abwana, munthu amene ankanyambita zala, anandiloza osaphethira n'komwe!

Madamu anangoti "Khalas," ndiye kuti "Basi, zatha," mpaka pano sakundilankhula. Abale, ndingopepesa, kapena ndiulule kuti ine ndikamakazinga, abwanawo ndi amene ankalondera galimoto ya madamu pawindo?

Inunso amalume, mimba ija mumati ndi yaulemu ija, akuti ngakhale mtima watsopano imautopetsa. Samalani wanuwo, kumudziko kulibe sipeya.