Tin Kettle, Kavalo Woima Kuseri kwa Matabwa

Inu amene mwatopa kulima munda woti ena azikolola, khalani pansi ndikuuzeni za kavalo wina. Nanenso ndine wotopa. Ndakalambira pansi pa mimba za akavalo kuno ku Darling Downs, kuwasema ziboda ndi kuwakhomera nsapato zachitsulo, moti msana wanga unaiwala kalekale kuwongoka.

Tsiku limene a Fairlie, eni famu yaikulu yoswetsa akavalo kufupi ndi Warwick, anaitanitsa lole ya anthu opha akavalo n'kupanga chakudya cha agalu, ine ndinali pomwepo. Chilala chinali chitafika posauzana, udzu wogula unkasowa, ndipo bwanayo anati ena achoke. Woyamba kutchulidwa anali Tin Kettle, kavalo wamphongo wamfupi, wofiirira, wokalamba.

Ntchito ya Kettle pafamupo inali yomvetsa chisoni. M'mawa uliwonse ankaima kuseri kwa mpanda wa matabwa, antchito n'kumamubweretsera akavalo aakazi mmodzimmodzi. Iye anunkhize, alire, apalase pansi. Wamkazi akaponya mateche, ndiye kuti nthawi yake sinakwane. Akaima phee, ankamukoka n'kupita naye kwa mphongo yodula yochokera ku Ireland. Mateche ankalandira Kettle, ukwati n'kudyerera wina. Zaka ndi zaka, abale anga!

Komatu ameneyu anali katswiri pa liwiro.

Kwathu kuno akavalo onse amawonjezera chaka pa 1 Ogasiti, kaya unabadwa liti. Kettle anabadwa mochedwa, mu Disembala, ndiye pakati pa anzake a chaka chimodzi ankaoneka kamwana. Ku okushoni palibe anakweza dzanja. Wina anachita kufuula kuti, "Galuyo mukugulitsa ndi unyolo wake womwe?"

Anamutenga ndi a Noelene Garrity, mayi wa kafamu kouma ka ku Inglewood, amene ankaphunzitsa akavalo awo liwiro m'mbali mwa msewu.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Kettle anapambana m'mabwalo afumbi a m'matauni ang'onoang'ono, kenaka anakapambana mpikisano waukulu ku Brisbane mvula ikukhuthuka. Anthu anati, "Aaa, amuthandiza ndi matope." Chaka chotsatira anapambananso dzuwa likuswa mtengo. Anati, "Akavalo enieni anapita ku Melbourne." Pakamwa pa anthu simungapathe.

Kettle atapuma pa zothamanga, a Noelene anakhoma chikwangwani pageti choitana ofuna mbewu yake. Sikunabwere ndi mmodzi yemwe. Ankati ndi wamfupi, komanso makolo ake ndi osatchuka. Chikwangwanicho chinachita dzimbiri chili pomwepo. Amuna awo atamwalira, mayiwo analephera kumudyetsa, ndipo anamupereka kwa a Fairlie akulira. Umu ndi mmene katswiri anakathera kuseri kwa matabwa.

Ndiye nditamva za lole ija ndinaimbira foni a Noelene. Anafika masana omwewo akukoka kangolo ka akavalo kolira ngati chitseko chakale.

Pambali pa Kettle panamangidwa wina woyembekezanso lole, wamkazi wokongola wa mtundu wapamwamba dzina lake Brolga. Mlandu wake unali umodzi. Kwa Kettle ankaima phee, koma akangomufikitsa kwa mphongo ya ku Ireland, inali nkhondo. Anali ataithyola mano awiri akutsogolo.

"Ndipatseni onse awiri," anatero a Noelene.

A Fairlie anaseka. "Mayi, mukawadyetsa chiyani kwanu kuja, miyala?"

"Zimenezo ndi zanga, bambo. Masulani."

Ine ndinawakokera pambali. "A Noelene, mutu ukuyenda bwino? Nyengo yokweretsa yatha, ino ndi Januwale. Mwana adzabadwa mu Disembala ngati bambo ake."

"Nanga bambo akewo anafa nazo? Gwirani chingwe apa, a Merv, ulaliki mukachitire kutchalitchi."

Brolga anatenga bere mwezi womwewo. Koma mvula inakanabe. A Noelene anagulitsa nkhosa zonse. M'mawa uliwonse ankakwera makwerero ndi sowo kukadula nthambi za mitengo ya kurrajong kuti akavalo awiriwo adye masamba, mayi wa imvi mutu wonse. Tsiku lina anagwa n'kuthyoka mkono. Sabata yotsatira ndinawapeza akudula ndi mkono winawo.

Titakhala pakhonde ndi tiyi, anandiuza, "Ndatopa, a Merv. Ndatopa mpaka m'mafupa."

"Ndiye tiitane lole ija?"

"Mukadzabwerezanso mawu amenewo, tiyi wa pakhomo pano mudzamumvera kwa anthu."

Mumtima ndinkaona kuti akuzunzika pachabe. Ndinkawamvera chisoni, komanso ankandikwiyitsa ndi liuma lawolo.

Mu Disembala Brolga anaswa kamwana kakakazi, kafupi, kofiirira, Kettle weniweni. Anakatcha Last Cuppa, kutanthauza kapu yomaliza ya tiyi. Anthu oyandikana nawo ankaima pageti n'kumafunsa ngati ndi mbuzi. Anzake atayamba kuthamanga, iko kanali kasanakhwime. Katayamba, kankafika kumapeto, wokwerapo atadzaza fumbi la anzake m'kamwa. A Noelene ankangokapukuta thukuta n'kunena kuti, "Sikanakule, kasiyeni. Bambo ake anachedwanso."

M'chaka chake chachinayi, Last Cuppa anayamba kudutsa anzake mmodzimmodzi, kuyambira m'mabwalo afumbi omwe aja mpaka kukalowa mpikisano wa ku Brisbane umene bambo ake anapambana kawiri.

A Noelene sanapiteko, mawondo anali atakana ulendo wautali. Anakoleka wailesi pamtengo wa mpanda, ine ndili chiweramire kusema chiboda cha Kettle. Woulutsa sanatchule dzina la mwana wathu mpaka pokhota pomaliza. Kenaka analitchula kamodzi. Kawiri. Kenaka sankatchulanso lina, ankangokuwa lomwelo.

Ndinagwetsa mpeni. A Noelene anakumbatira khosi la Kettle, misozi ili chuchuchu.

"Wamva, mkulu? Lero kunalibe matope, ndipo a ku Melbourne onse analipo."

Kettle anangopitiriza kutafuna masamba ake.

M'mawa mwake foni inalira tikumwa tiyi. Anali a Fairlie, mawu atafewa ngati batala. Anati ali ndi akavalo aakazi abwino kwambiri, kodi Kettle angawalandire?

"Abweretseni," anayankha a Noelene. "Koma mubwere ndi wa ku Ireland uja. Ndili ndi matabwa kuno, adzaime kuseri kwake azinunkhiza."

Ndinaseka mpaka msana unandibaya.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Kettle anali atakalamba, ndipo anangokwanitsa nyengo ziwiri zokha. Zaka zake zamphamvu zinathera kuseri kwa mpanda uja, ndipo palibe amene angamubwezere. Koma sanafere m'lole. Anafera kwawo, pansi pa mtengo wa kurrajong wodulidwadulidwa uja, mutu uli pamiyendo ya a Noelene. Lero ndikamasema ziboda m'mafamu akuluakulu ndimakumana ndi tiakavalo tatifupi tofiirira, eni ake akudzitama kuti, "Uyu ndi mdzukulu wa Tin Kettle." Ena mwa odzitamawo ndi omwe aja ankamutcha galu.

Ndiye inu amene munabadwa mochedwa, munayamba mochedwa, amene mukulandira mateche pomwe ena akudya zonona, ndikudziwa kuti mwatopa. Kutopa si tchimo. Khalani pansi, imwani tiyi, lirani ngati misozi ilipo. Koma kukacha tengani sowo mukwerenso makwerero aja. Lole musaiitane. Osataya mtima.