Mapale a pa Puloti Yathu ku Limbuli

Ndinanyamuka ku Limbuli m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi, m'manja muli jumbo ya mapale, m'thumba la jekete muli fupa. Inde, fupa! Dikirani ndikufotokozereni.

Ine ndakalambira ku esiteti ya tiyi, ndipo chaka chino ndikupuma pantchito, kutanthauza kuti nyumba ya kampani titulukamo. Tinagula kapuloti, koma amisiri atangoyamba kukumba maziko, khasu linatulutsa mapale a miphika, phulusa ndi kafupa. Mukudziwa kwathu kuno, anthu akaona miphika yosweka pansi amati ndi manda. Amisiri anatola zida zawo. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, anangoti, "Ine pamanda sindigona, bambo. Mukagone nokha."

Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti ku Likhubula, m'munsi mwa thanthwe la Chambe, kwabwera akatswiri ofukula zinthu zakale. Ndinati basi, ndikawafunse. Mapalewo ndinawakwecha ndi sopo ndi mchenga mpaka kuwala, poti sungapite kwa anthu ophunzira ndi zinthu zauve.

Minibasi ya ku Chitakale inandidya sauzande ziwiri. Tinapanikizana ngati matumba a tiyi, ndipo pa bampu iliyonse jumbo yanga inkachita gobede gobede. Mayi wina wa dengu la nanazi analephera kupirira.

"Mwanyamula chiyani, abambo?"

"Mapale, mayi. Ndi fupa."

Mayiyo anasuntha mpaka kukhalira mnzake, ndipo ndinayenda motakasuka mpaka ku Chitakale.

Pa Chitakale ndinadya chinangwa chophika choimirira, kenako ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Msewu wa ku Likhubula umadutsa m'tsinde mwenimweni mwa phiri, ndipo thanthwe la Chambe limachita kukuweramira. Ine kukongolako sindinakuone bwino. Mtima unali pa fupa.

Dzuwa lili pamutu tinawapeza akatswiri aja. Abale inu! Anthu akuluakulu agwada m'dzenje la ngodya zinayi lozungulidwa ndi zingwe, akukumba ndi timipeni ndi tiburashi. Akanakhala ku esiteti, kapitawo akanawathamangitsa tsiku lomwelo. Mtsogoleri wawo anali mayi wovala majombo, anzake ankamutchula kuti a dokotala. Anandipatsa moni bwinobwino, nayala mapale anga patebulo.

"Anatsuka ndani?"

"Ine, mayi!" ndinayankha chifuwa chili patsogolo.

Anagwira mutu. "Abambo, mwaye ndi zopserera za m'katimo ndi zimene timatumiza kokayeza kuti tidziwe zaka. Mwakwecha mboni zathu."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Komabe anatola phale limodzi la pamlomo wa mphika n'kundionetsa timizere todinda ngati mano a chipeso. Anati aliyense woumba amakongoletsa monga anaphunzirira kwa amake, ndiye mbadwo uliwonse uli ndi dzanja lake. Anatulutsa mapale awo ofukulidwa pomwepo n'kuwaika pambali pa anga. Ee, kufanana kwake! Ndinadumpha.

"Musadumphe kaye," anatero akuseka. "Kufanana kumangotilozera. Koma ngati maso anga sakundinamiza, awa ndi a zaka mazana ambiri, tiyi asanabwere, agogo anu asanawoloke kuchokera ku Mozambique."

Koma ine sindinadzere zaka, ndinadzera fupa. Ndinapisa m'jekete n'kutulutsa kapepala. M'menemo munali fupa lija, pamodzi ndi phale lina limene linamatirira kwa ilo ndi dothi. Limenelo sindinalitsuke, chifukwa ndinkaopa kulikhudza.

Mayiyo anakuwa kuitana anzake. Phalelo linali bii ndi mwaye, m'kati muli zopserera. Analinyamula ngati dzira.

"Mayi, za mwayezo tikambe pambuyo. Fupali ndi la munthu?"

Analitembenuza, nandionetsa pamene mpeni unadula. "Mwendo wa nyama uwu, kaya mbuzi kaya gwape. Wina anadya ndiwo. Onaninso milomo ya miphikayi, palibe iwiri yofanana, ndipo yonse ndi zidutswa zosakanikirana ndi phulusa. Sindingalumbire ndisanaone malowo, koma ine ndikuona dzala, motayira zinyalala za pakhomo."

Dzala! Sindinasangalalepo ndi zinyalala ngati tsiku limenelo. Ndinamugwira dzanja mayiyo ndi manja awiri, ndinagwira anzake onse, mpaka wa kabaza amene sankadziwa n'komwe nkhani yake.

Anandipempha chinthu chimodzi: amisiri asakumbenso mpaka iwo atabwera kudzaona mmene dothi lasanjikizanira ndi kutenga makala, chifukwa chimene chili pansi kwambiri ndicho chakale kwambiri. Nyumba ichedwa pang'ono. Ndinavomera msangamsanga.

Pobwerera ndinagula nanazi ziwiri pa Chitakale. M'minibasi ndinafotokozera aliyense za mano a chipeso, ofuna ndi osafuna omwe. Ndinkaganiza kuti ndinagula tchire lopanda mwini, chonsecho pamalopo panapsa ndiwo ine ndisanaganiziridwe. Ndipo chimene ndinkachiyesa uve ndicho chinali ndi nkhani yonse.

Mayi a Chisomo ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinawafotokozera zonse osapuma. Nditamaliza anafunsa, "Ndiye mukuti pamenepo pankaphika munthu?"

"Mayi mnzanu, zaka mazanamazana!"

Anaika lichero pansi, namanga chitenje. "Tiyeni mukandionetse pamene panali phulusapo. Khitchini yanga ikhala pomwepo." Tili m'njira anapukusa mutu. "Koma mayi ameneyo, kuswa miphika kwake!"