Tauni Yopanda Onyamula Bokosi

Kunyumba yosamalira okalamba ndinkagwira ntchito ndi mayi wina wa ku Romania. Tonse tinkakhala ku Citywest, dera lina la mzinda wa kuno kwa azungu, choncho tikaweruka masana tinkakwera Luas imodzi, sitima yamagetsi ya mumzinda, mapazi atatupa, misana ili wawawa chifukwa chodzutsa azigogo a eni ake. Ine ndinkafuna kuwodzera basi. Iye ankafuna kukamba za kwawo.

Kwawoko ndi katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Danube, pachigwa chopanda ndi kaphiri komwe. Dothi lake ndi lakuda bii, la tirigu ndi mpendadzuwa. Akuti kalekale ngolo zinkabwera ndi tirigu kuchokera m'midzi, n'kumapakira m'sitima zapamadzi. Amalonda achigiriki ndi achiyuda anamanga nyumba zosanja kufupi ndi doko. Kenako boma linalanda zonse n'kumanga mafakitale. Bambo ake anawotcherera zitsulo za sitima mpaka makutu kugontha. Boma lija litagwa, mafakitale anatsekedwa, ndipo achinyamata anabalalikira ku Italy, ku Spain, ena kunoko.

"Imeneyo ndi Luchenza yeniyeni," ndinamuuza tsiku lina. "Kwathu sitima yapamtunda itasiya kubwera, masitolo anangotsala makoma."

M'nyengo yozizira bambo ake anamwalira. Anapita kukaika maliro, ine n'kumugwirira mashifiti ake. Atabwerako anali atawonda, ndipo mu Luas ankangoyang'ana pawindo.

"Asisi, mwayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Onyamula bokosi anasowa," anatero. "Msewu wathu wonse kwatsala nkhalamba zokhazokha. Ananyamula ndi anzawo a bambo a kufakitale, wina ndodo ili kumanja. Tinkayenda pang'ono n'kutula, mphepo yochokera kumtsinje ikutibaya m'mafupa."

"Nanga amayi?"

"Ali okha. Amawasambitsa ndi neba, nayenso wokalamba." Anayang'ana manja ake othetheka ndi sopo. "Ine ndili kuno, kusambitsa amayi a anthu ena."

Anganso amayi ali ku Luchenza, ndipo amawatungira madzi ndi mwana wa mlamu wanga.

Mnzanga uja anayesa kuitanitsa amayi ake kuti adzakhale naye, koma gogoyo anakana kusiya manda a mwamuna wake. Mnzangayo sanabwerere kwawo, poti kulibe ntchito. Anangowonjezera mashifiti a Lamlungu kuti azikwera ndege pafupipafupi kukawaona amayi akewo, ndipo kuyambira pamenepo tinkaweruka nthawi zosiyana.