Chidulo cha azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene miyendo ya bambo inayamba kutupa. Anali msodzi, koma chaka chimenecho bwato lawo linakhala pamchenga mpaka kung'aluka. Kuchipatala cha ku boma anati impso zawo zatopa, sizikusefanso magazi bwino. Ine ndinaliko, chifukwa ndinkawanyamulira chikwama.

Namwino wina anawakhazika amayi pabenchi n'kuwafotokozera mofatsa. Anati m'masamba, m'nthochi ndi m'matimati muli mchere wina wosaoneka wotchedwa potaziyamu. Munthu wabwinobwino amautaya pokodza, koma mwa wodwala impso umaunjikana m'magazi mpaka kuimitsa mtima. Masamba asawaletse, koma aziwadula bwinobwino, kuwawiritsa m'madzi ambiri, kutaya madziwo, n'kuwapatsa pang'ono. Pomaliza anakweza chala.

"Chidulo ayi, mayi. Madzi a phulusa aja ndi potaziyamu yekhayekha."

Amayi anatsatira zonse. Ndiwo za bambo zinkakhala zotuwa, zosukuluka, ndipo bambo ankadya akung'ung'udza. Komabe anayamba kutuluka pakhonde n'kumasoka ukonde.

Amayi anali mtengwa. Kwawo kunali ku Chinguluwe, ndipo pamudzi pathu mawu awo ankapepuka. Tsiku lina azakhali, mlongo wawo wa bambo, anawapeza amayi akukhuthula madzi a nkhwani kuseri kwa khitchini.

"Naphiri, msuzi ukudyetsa dothi, achimwene anga adye zinyalala? Kwanu mumaphika chonchi?"

"Anatero ndi a chipatala, alamu."

"A chipatala ndi amene anawalera?"

Amayi anawerama, koma mphika sanaupereke.

Masiku amenewo kukamabwera akuluakulu a boma, azimayi ankatengedwa pa lole kukakonzekera magule kwa masiku angapo, ndipo wokana ankaputa mlandu. Amayi anakagwada kwa wapampando wa chipani wa m'mudzi mwathu kuti kunyumba kuli matenda. Iye anati wodwala ali ndi abale ake. Asanakwere lole, amayi anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Uyang'anire mphika wa bambo ako."

Fumbi la lole lisanathe, azakhali anali atasonkha moto. Anatentha zitsononkho ndi makoko ouma a nthochi, n'kuika phulusalo m'chitini chobowola kunsi, n'kuthiramo madzi. Ndikuonabe madontho achikasu aja akugwera m'mbale, pambali pali lichero la thelele.

"Azakhali, anati chidulo chimaimitsa mtima."

Anaseka osandiyang'ana. "Tamverani wasukulu! Ndevu alibe, wayamba kuphunzitsa kuphika. Choka kukhitchini kuno."

Ndinabwereza. Anandiopseza ndi chipande. Pamenepo ndinamenya theche chitini chija, phulusa n'kumwazika, mbale n'kugudubuka.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anandikwapula ndi chingwe cha ukonde mpaka msana kuchita mizere. Ankati akundichotsa mwano wa kuchimake. Sanafunse n'komwe chimene namwino ananena. Ndikulira kuseri kwa nkhokwe, ndinamva fungo la zitsononkho zikupsanso.

Bambo anadya thelele lija n'kupukuta mbale ndi chala. "Lero ndiye ndadya," anatero. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chingwe. Ndinawakumbutsa za namwino, koma anali atatopa ndi ndiwo zosakoma, ndiponso sankafuna kukangana ndi mlongo wawo. Anangoti, "Mwana wanga, alekeni."

Masiku otsatira kunali thelele, bonongwe ndi msuzi wake wonse, ndi nthochi zakupsa pamutu pa mphasa. Kenako bambo anati manja akulemera, milomo ikuchita dzanzi. Anandiika dzanja pachifuwa pawo. Mtima unkagunda, n'kukhala chete, n'kugundanso ngati wakumbukira mochedwa. Tinawakweza pangolo, koma anatisiya tisanafike pamsewu wa tala.

Amayi anatsika pa lole atavala nsalu ya chipani, mawu atasasa ndi kuimba, n'kupeza anthu akulira pakhomo pawo. Ndipo m'siwa, pamaso pa mudzi wonse, azakhali ankalira mokweza kuti achimwene awo anaphedwa ndi njala, mkazi ankawatayira msuzi. Panalibe amene anawatsutsa. Inenso ndinakhala chete, msana ukadali ndi zilonda.

Lero ndikudziwa kuti impso za bambo sizikanachira. Ndikudziwanso kuti azakhali ankawakonda mchimwene wawo. Zimenezo sizinandichotsere mkwiyo. Bambo akanatha kuona mvula ina, mwinanso zingapo. Pakhomo paja panali anthu awiri amene anamva malangizo ndi makutu awo, mtengwa ndi mwana, ndipo mmodzi anamukweza pa lole, winayo anamukwapula. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mawu a kuchipatala akafika kunyumba amayamba afunsidwa kuti wabwera nawo ndani. N'chifukwa chake wachibale akadwala, ndimatenga wamkulu wa pabanja ndi wogwira mphika kuti akadzimvere okha kuchipatala.

Chaka chatha mwana wa azakhali, msuweni wanga, anapezeka ndi matenda a impso. Nditapita kukamuona, ndinapeza kukhitchini chitini chikudontha m'mbale. Sindinapereke moni. Ndinachinyamula n'kukachikhuthula kudzala. Azakhali, okalamba tsopano, anandiyang'ana ali pamkeka.

"Ndiwe uja eti?"

"Ndine ndemwe, azakhali," ndinatero. "Chingwe chondikwapulira chija chili pati?"