Khola la Nsato Kuseri kwa Nkhokwe Yathu

Ine njoka sindikondana nayo, ndipo amene amati ndi yokongola ndimangomuyang'ana. Koma ndinasungapo nsato, kuitungira madzi ndi manja angawa, mpaka kuipempherera kuti isafe.

Tinali titangofika kumene kwa Tengani kuchokera kutsidya, kuthawa nkhondo ya kwa Apwitikizi. Eni mudzi anatipatsa kamunda kumphepete kwa dambo, ndipo amuna anga anathamangira kugula makhadi a chipani kuti tioneke ngati anthu. Komabe tinali obwera, ndipo munda wopatsidwa sachedwa kulanda.

Tsiku lina tikusosa, khasu la amuna anga linatera pa kansato kamene kanabisala m'mapesi a mapira. Sikanali kakakulu, kunenepa kwake ngati dzanja langa. Khasu linakacheka pamsana, nyama kuoneka. Amayi amene ankalima moyandikana nafe anaona zonse, ndipo pofika masana mudzi wonse unali utamva.

Kumeneko nsato saipha. Amati ndi ya mizimu ya kukachisi wa makolo, ndipo magazi ake akagwera pansi mvula imakana. Akuluakulu anabwera, nalankhula mwaulemu ndithu, koma mawu ake anali amodzi: ikafa, mvula n'kuvuta, munda tibweze. Ndinali ndi pakati, ndipo kobwerera kunalibe.

Amuna anga, pofuna kuchita bwino, anaiika m'mgolo wachitsulo n'kuusiya pabwalo. Dzuwa la kuchigwa mukulidziwa. Ndinawakalipira kuti ngati akufuna kuiwotcha angobweretsa mchere, koma nanenso nzeru ina ndinalibe.

Pamenepo ndi pamene anatulukira bambo ena a nyumba yoyandikana nafe, msodzi woluka miono, amenenso anali mkulu wa mpingo. Za mizimu ya kukachisi sankazikhulupirira, ndipo sankabisa. Anasuzumira m'mgolomo, napukusa mutu.

"Mayi, mvula ndi ya Mulungu," anatero. "Koma munda ndi wanu. Tengani chikwakwa, tikadule bango."

Khola lake tinamanga kuseri kwa nkhokwe, pamene dzuwa limafika mmawa okha. Analuka bango ndi mlaza mothinana ngati mono wa matemba, n'kumandiuza ndipititse chala paliponse. Pamene chala chalowa, ankamasula n'kuyambiranso. Pansi anakumba pang'ono, nayala mphasa ya bango kuti isatulukire kunsi, n'kuthirapo dothi. Anandilanda mtsuko wanga wong'aluka, nauika chogona pakona kuti izibisalamo, ndi phale la madzi lokwanira kuti izilowamo thupi lonse. Pamwamba anavindikira ndi chitseko choluka, n'kutsindika ndi mphero yanga. Kunja anazunguliza phulusa poopa linthumbu, chifukwa nyerere zikamva fungo la bala sizisiya kanthu.

Zonsezo ndinazimvetsa. Chimene chinandikwiyitsa ndi mchenga. Anati ndisenze mchenga wosalala wa kumtsinje, ndithire kuzungulira khola lonse mpaka kukanjira kopita kudambo, ndipo ndizisesapo tsiku lililonse pasaoneke ngakhale phazi la nkhuku.

"Abambo, njokayi ndi mkwatibwi kodi?" ndinafunsa, msana ukuphwanya.

"Sesani, mayi," anangotero.

Ndinasesa, koma ndikunyinyirika. Anthu ankabwera kudzaona, ena kudzaseka, ena kudzawerengera masiku athu. Amuna anga ankakumba mbewa n'kuponyamo, nsato osayang'anako. Imangokhala m'mtsukomo, kamutu kokha kali panja. Mbewa ikagonamo, bambo aja ankati tichotse, ingailume pabala. Ine mtima unali m'mwamba. Mmawa uliwonse ndinkanyamula mphero ija ndikuopa kuipeza itafa.

Mitambo inkasonkhana kumapiri n'kubalalika. Pachitsime amayi anayamba kusiya nkhani ndikafika. Ndinalira kangapo, osati pamaso pawo.

Kenaka maso a nsato anachita mbuu ngati a nsomba yogona. Ndinathamangira kwa bambo aja kuti basi yatha. Iwo anaseka, nati ikufuna kufundula, ndiwonjezere madzi, ndiikemo chikuni chokhakhala choti izidzikhuza. Inafunduladi. Khungu lakale linatsala pachikuni, ndipo pabala panali chipsera chotuwa chouma bwino. Patapita masiku, mbewa imene anaponyamo sitinaionenso.

Bambo aja anati nthawi yakwana. Ine ndinkafuna tiinyamule m'dengu tikaipereke kwa akuluakulu, koma anakana. Anati nsato yonyamulidwa anthu adzati tinakaitaya yodwala, ikafere kutchire. Anachotsa mphero, natsegula mbali imodzi ya khola, nasesa mapazi athu, natiuza tichokepo, tisapondenso pamchenga.

Tinapita kumunda. Pobwera, mtsuko unali wopanda kanthu.

Bambo aja sanalole aliyense kuyandikira mpaka akuluakulu atafika, pamodzi ndi amayi aja amene anaona khasu likutera. Pamchenga wanga wosesa bwino panali mkukuluzi umodzi wa njoka, wooneka bwino, kuchokera pakhomo pa khola, kutsata kanjira, mpaka kukalowa m'bango la kudambo. Pambali pake panalibe phazi la munthu. Mkulu wina anautsatira mpaka kumapeto, nabwerera, naomba m'manja pang'onopang'ono kuyang'ana kudambo. Anati yapita yokha, ndi miyendo yake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mvula chaka chimenecho inachedwabe, ndipo mapira sanachite bwino kwa aliyense. Koma palibe anatiloza chala. Mwana amene ndinali naye m'mimba anabadwira pamudzi pomwepo, ndipo lero ndi amene amalima munda uja.

Ndinayesa kuwathokoza bambo aja. Ndinawatengera nkhuku, iwo anabweza, nati ndidye ine wodwala. Ndinangogwada n'kunena m'chinenero cha kwathu kuti takhuta, iwo nati ndidzuke, pansi pakutentha.

Bambo aja atamwalira, azibambo atamaliza kukwirira, ndinapita kumtsinje ndi dengu langa. Anthu ankadabwa kuti mayi wobwera uyu akusenzeranji mchenga kumanda a eni ake. Ndinathira kuzungulira mtumbira wonse, n'kusesapo bwinobwino, ulendo uno osanyinyirika.