Mvula Imene Sinagwe ku Chinsapo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera Amayi Nachisale, aneba athu ku Chinsapo. Ndinali nditalephera mayeso a Fomu 4, ndikungokhala pakhonde. "Iwe Esinati, mutuwo wakana sukulu, koma ndowa sungakane," anatero. Mawa lake ndinawatsatira kumtsinje wa Likuni kukakumba mchenga.

Tinalipo amayi asanu. Awiri ankalowa m'madzi olekeza m'chiuno, kutapa mchenga ndi mafosholo n'kumathira m'ndowa zoboola kunsi kuti madzi azikha. Enafe tinkasenza kukathira pamulu, pomwe malole ankadzanyamula. Khosi linandipweteka sabata yathunthu.

Nthawi ya dzinja panali lamulo: mmodzi aziima pachulu cha pamwamba pa gombe, osagwira kanthu, kungoyang'ana kumtunda. Ine ndinkati ndi ulesi basi, ndipo ndinanena, poti pakamwa panga sipachedwa. Amayi Nachisale anazika fosholo pansi.

"Mvula yogwa pamalata a nyumba yanu imatsikira mungalande imodzi, eti? Mtsinjenso uli ndi denga lake: mapiri a Dzalanyama, minda, midzi, misewu, timifuleni tonse. Ife tili kumapeto kwa ngalandeyo. Kale mitengo inkagwira madzi, ankabwera pang'onopang'ono. Pano inapita ndi makala, ndiye amabwera tsiku lomwelo. Usamayang'ane mtambo wa pamutu pako. Uziyang'ana madzi. Akafiira, akayamba kubweretsa mapesi, ukuwe."

Ndinavomera ndi mutu wokha.

Tsikulo linali mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pachulu inali nthawi yanga. Kutali kumadzulo kunali kutada bii. Ndinaona ndithu, sindinganame. Lole inafika masana, dalaivala ali pachangu. "Asisi, dzuwa lonseli mukulondera chani? Tabwerani mutithandize kupakira." Ndinayang'ana kumwamba, kuli mbee, ndipo ndinatsika. Ndinkafuna andione kuti ndine wolimbikira.

Sindikudziwa kuti ndinaponya mafosholo angati. Ndinangomva mkokomo ngati lole ina ikubwera, koma ukuchokera kumtsinje. Pomwe ndinkathamangira kugombe ndikukuwa, madzi ofiira anali atafika kale, atasenza nthochi ndi zitsa. Mayi amene anali pafupi ndi gombe tinamukoka ndi chitenje. Amayi Nachisale anali pakati, pomwe pali mchenga wabwino. Anatembenuka kuyang'ana pachulu, pomwe ndinayenera kukhala ine. Kenako sitinawaonenso.

Anawapeza patapita masiku awiri, kumunsi, atakodwa m'mabango. Anzanga sanandinene kwa aliyense, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikalipira. Pamtsinje ndinakhalapo zaka zina zitatu. Dzinja lililonse ndinkapempha pachulu, ndipo panalibe dalaivala amene ananditsitsapo. Aliyense watsopano ndinkamuuza za denga la mtsinje asanagwire ndowa, kaya aseke kaya asaseke.

Koma pali mmodzi amene ndinalephera kumuuza. Pamaliro a Amayi Nachisale, mwana wawo wamkazi, amene anabwera kuchokera ku Dedza, anandigwira dzanja. "Asisi, inu munalipo. Akuti kuno mvula sinagwe n'komwe. Nanga madziwo anachokera kuti?"

Yankho ndinali nalo lonse, mawu ndi mawu, monga anandiphunzitsira mayi ake. Ndinangoyang'ana pansi, n'kunena kuti sindikudziwa.