Bambo Obadiya Nkhoma, Mwamuna Amene Sanatope Kudzoza Mkazi Wake

Mwezi watha mpingo wathu wa ku Chinengundu, kuno ku Chegutu, unaika m'manda Bambo Obadiya Nkhoma, amene ana a kuno ankangowatchula m'Chishona kuti Sekuru Obadiya, ndiko kuti Agogo Obadiya. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, sanalalikirepo paguwa, ndipo pa nyimbo mawu awo ankayenda njira yawoyawo. Komabe ambiri a ife tinaphunzira chikhristu poyang'ana khomo lawo, ndiye tati tilembe za moyo wawo pothokoza Mulungu.

Bambo Obadiya anabadwira pa famu ina ya fodya kufupi ndi Selous, m'zaka za m'ma 1940. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, atanyamula bulangete, Baibulo ndi buku la nyimbo. Obadiya anaphunzira kuwerenga m'mabuku omwewo, mu shedi ya fodya mmene antchito a pa famu ankapempherera Lamulungu. Bambo awo atamwalira, sukulu anailekera panjira nayamba kupalira fodya, kuti mayi awo ndi mlongo wawo Rabeka asachotsedwe pa komboni.

Atakula anapita ku Kadoma kukanyamula mabelo a thonje. Kumeneko anakumana ndi Esime, mtsikana wa mu kwaya amene makolo ake anachokera ku Mozambique. Anamanga ukwati kutchalitchi, kenaka anasamukira kuno ku Chegutu bamboyu atapeza ntchito pa fakitale yoluka nsalu.

Mayesero anafika atangobadwa mwana wawo woyamba, Rutendo. Pa zigongono ndi m'maondo mwa Mayi Esime munatuluka zigamba zokhakhala, zokutidwa ndi timamba totuwa ngati phulusa. Zinakwera kumsana mpaka m'mutu. Kuyabwa kwake kunali kosasimbika: mayiyu ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi, ndipo akadzuka pamphasa pankatsala timamba ngati madeya. Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati ndi khate, ena ankati wina wamuponyera.

Tsiku lina Rabeka anabwera kuchokera ku famu, nakana ngakhale madzi akumwa a m'nyumbamo. Anawaitanira achimwene ake kuseri.

"Achimwene, mukudikira chiyani? Kuti zala zanu ziyambe kuduka? Mubwezeni kwa makolo ake. Akazi sanathe pa dziko pano."

Bambo Obadiya anayankha kuti: "Mlongo wanga, tsiku la ukwati iwe unalipo. Unandimva ndikulonjeza kuti ndikukwatira khungu?"

Rabeka anabwerera atakwiya, ndipo panapita zaka asanapondenso pakhomopo. Zimenezi zinawapweteka a Obadiya, chifukwa mlongo wawoyo anamulera okha. Koma sanamunenere choipa, ndipo dzina lake silinkasowa m'mapemphero awo.

Anatenga akazi awo kupita nawo kuchipatala ku Kadoma. Adokotala atawayeza anati si khate ayi, ndi nthenda ya pakhungu yotchedwa soriyasisi. Anafotokoza kuti sipatsirana, ndipo ngakhale sitheratu, imagonja munthu akamasamalidwa bwino kunyumba. Anawapatsa mankhwala opaka zigamba zikakula mphamvu, nawauza zoyenera kuchita tsiku ndi tsiku. Bambo Obadiya anafunsa mafunso mpaka anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza.

Kuyambira pamenepo, asanapite kuntchito ankatenthetsa madzi osamba, ongofunda pang'ono, chifukwa otentha kwambiri ankautsa kuyabwa. Sopo wonunkhira anachoka m'nyumbamo, chinkhupule ndi mwala wokhulira zinatayidwa. Mayi Esime akasamba sankadzikhula ndi thaulo, ankangoigunditsa pakhungu, ndipo thupi lisanaumiretu ankadzola vaselini. Msana unali ntchito ya amuna awo. Ankaudzoza pang'onopang'ono, chigamba ndi chigamba, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Anzawo akuntchito atamva anawaseka kuti anadyetsedwa mankhwala achikondi. Iwo anangoyankha kuti: "Mulungu anatipatsa manja awiri, koma lofika pakati pa msana sanatipatse. Ankafuna kuti tizisowana."

Zovala za nayiloni ndi majuzi aubweya anagawira ena. Bamboyu ankabwera ndi zidutswa za nsalu ya thonje zimene fakitale inkagulitsa kwa antchito, mayi n'kusoka madiresi otakasuka. M'miyezi yozizira khungu likayamba kung'aluka, kudzoza kunkachitika m'mawa ndi madzulo omwe. Kuyabwa kukafika povuta, ankaika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pamalopo, n'kugwira manja onse awiri a akazi awo, akupemphera mpaka kutadutsa.

Khungu linayamba kumvera, koma mitima ya anthu inachedwa. Pa maliro ena m'dera lathu, Mayi Esime anabweretsa ndowa ya mahewu. Dzuwa linali likuswa mtengo, anthu ali ndi ludzu, koma ndowayo aliyense ankailambalala. Mayiyu anakhala pambali atafunda nsalu mpaka m'zala, misozi ili m'maso. Bambo Obadiya ananyamuka pakati pa azibambo, nakakhala pansi pafupi ndi ndowayo.

"Amake Rutendo, tanditungireni."

Anamwa kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osathamanga. Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Abale, ine ndakhala ndikudya za m'manja awa zaka zonsezi. Tandiyang'anani. Ndithandizeni mahewuwa, mimba yanga si mgolo."

Anthu anaseka ngakhale panali pa maliro. Mkulu wina wa mpingo anatambasula dzanja kulandira kapu, ena anatsatira, ndowa inauma. Lamulungu lotsatira Mayi Esime anabwerera ku kwaya kumene anali atasiya kalekale. Rabeka naye m'kupita kwa nthawi anadzapepesa, ndipo mlamu wake anamulandira ndi manja awiri.

Tisanamizane kuti zonse zinkayenda myaa. Fakitale itachepetsa antchito, Bambo Obadiya anayamba kugulitsa tomato pa msewu. M'zaka zimene katundu anasowa m'mashopu, vaselini sankapezeka, ndipo ankadzoza akazi awo mafuta ophikira, ndiwo n'kudyedwa zongowiritsa. Nthenda inkati ikagona, n'kudzukanso. Pa msonkhano wina wa mapemphero Bambo Obadiya anavomera kuti: "Ndinapempha Mulungu nthawi zambiri kuti achotse nthendayi. Sanaichotse. Koma mphamvu za m'manja mwangamu sanazichotsenso."

Mayi Esime anatsogola mu 2016, atadwala shuga. Ambiri tinkaopa kuti nkhalambayi isweka mtima, ndipo zoonadi inafooka. Chimene chinawadzutsa ndi kulira kwa khanda la nyumba yoyandikana nayo. Mayi wake, Nomatter, Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona. Anatuluka ndi mwanayo, Chenai, masaya ndi m'khosi zili zofiira, atadzikanda mpaka zilonda.

"Sekuru, mwana haarari," anatero Nomatter akulira, kudandaula kuti mwana sakugona. Mwamuna wake Admire anali ku mgodi ku Ngezi, ndipo apongozi ake anali atakonza zoti mwanayo akatemedwe mphini.

"Mwana wanga, lumo lisayandikire khungu limeneli," anatero a Obadiya. "Tiye kaye kukiliniki. Ine sindine dokotala, ndine wodzoza chabe."

Anamuperekeza kukiliniki pa minibasi. Anesi anati ndi chikanga, chimene ena amati ekizima, napereka mankhwala. Zotsalazo Sekuru anaphunzitsa Nomatter pakhonde: kuwenga zikhadabo za mwana, kusamufunditsa mabulangete ambiri, kutsukuluza zovala mpaka sopo atatheratu, ndi kumudzoza akangotuluka m'madzi. Anadula shati yawo yakale ya thonje, nasoka timatumba tovala m'manja kuti Chenai asadzikande. Admire atabwera pa tchuthi, nkhalambayi inamupatsa botolo la mafuta m'manja.

"Mwana si wa amake okha. Khala pansi, ndikuonetse."

Chenai lero ali pasukulu, ndipo chikanga chikafuna kubwerera makolo ake onse awiri amadziwa chochita. Amayi ena anamva, nayamba kubwera ndi ana awo. Sekuru ankafunsa kaye aliyense ngati wapita kuchipatala, ndipo aliyense ankachoka atamupempherera.

Chaka chino miyendo itayamba kukana, Rutendo anawatengera kwake ku Kadoma. Bambo Obadiya sanadandaule za ululu. Masana a tsiku lawo lomaliza abusa anapita kukawadyetsa mgonero. Atatha anawafunsa kuti: "Bambo Nkhoma, tikupemphereni chiyani kwa Ambuye?"

Iwo anamwetulira, napukusa mutu. "Abusa, musandipempherenso kanthu. Ndalandira zambiri. Ingothokozani."

Abusa anayamba pemphero loyamika, Rutendo atagwira dzanja la bambo ake. Pofika pa ameni, Bambo Obadiya anali atagona tulo ta oyera mtima.

Ife otsala, makamaka azibambo, atisiyira chitsanzo chosafuna maphunziro kapena udindo. Pa manda pawo tinachita monga ananenera: sitinapemphe kanthu, tinangothokoza.